Kamera ukaigwira m'manja, n'chifukwa chiyani mtima umazizira?

Wamaukwati: Anzanga ojambula, ndikufuna ndimve ngati izi zimakuchitikirani inunso. Kamera yatsopano ikatuluka, pa intaneti mtima umakhala dyokodyoko. Umaonera mavidiyo a anthu akutsegula bokosi, umawerenga ma megapixel (mamiliyoni a timadontho topanga chithunzi) ndi kuchuluka kwa zithunzi zomwe imatola pa sekondi, mpaka manambala onse kuwaloweza pamtima. Kenako tsiku lina umaipeza pa shelefu kapena m'manja mwa mnzako. Umainyamula, kuika diso, kudina kangapo, n'kuibweza mtima uli zii. Sikuti waipeza yoipa ayi. Yangosanduka kamera ngati ina iliyonse.

Ine ndimagwira ntchito ndi Nikon D750 ya mu 2014, ndipo Nikon Z8 itatuluka mu 2023 inandilowa m'mutu kwambiri. Ndi kamera yabwino, palibe angatsutse. Koma imalemera magalamu 910, pomwe D750 sifika 850. Nambala imeneyi ndinkaidziwa, koma dzanja litaimva ndi pamene ndinakumbukira kuti pa ukwati ndimaima kuyambira m'mawa mpaka usiku, lenzi ya 70-200 ili pa khosi. Chilakolako chinathera pomwepo. Kodi chimachitika n'chiyani kwenikweni?

Wophunzira: Achimwene, kwa ine n'zosiyana. Ndikaona kamera pafupi ndiye moto umakolera. Mwina chifukwa ndikadali ndi kakamera koyambira ka lenzi ya 18-55, ndiye chilichonse chimaoneka chachikulu kwa ine.

Mayi wa Studio: Funsoli landikhudza chifukwa ntchito yanga ndi yojambula katundu wa malonda. Ndiloleni ndikuuzeni zomwe timachita kuti chinthu chikusangalatseni pa sikirini, chifukwa makamera nawonso amajambulidwa motero.

Chinthu chakuda ngati kamera timachiika pa malo akuda, n'kuyatsa nyali yaitali kumbali kuti m'mphepete mwake mutuluke kamzere kowala. Kamzere kameneko ndi kamene kamachititsa kuti pulasitiki ndi labala zioneke ngati chuma. Galasi la lenzi timaliunika mwapadera kuti lionetse timitundu tofiirira ndi tobiriwira. Tikatha timakhala pa kompyuta kufufuta kafumbi kalikonse ndi kachidindo ka chala. Ndipo nthawi zambiri sitiikapo dzanja la munthu, ndiye simungadziwe kukula kwake. Maso amadziikira okha kukula komwe mtima ukufuna.

Mukaipeza mu sitolo, ili pansi pa nyali zowala paliponse, sikirini yake ili ndi mafuta a mphuno za anthu amene aikapo nkhope tsikulo, pansi pake pali chingwe choletsa kuba chomwe chikukukokani. Ndi kamera yomweyo, koma kuunika kwathu kwachokapo.

Chachiwiri ndi chachikulu kuposa choyamba. Zithunzi zachitsanzo zomwe makampani amatulutsa amajambula ndi akatswiri, pa malo osankhidwa, nthawi yosankhidwa, ali ndi anthu owagwirira nyali. Ukaziona umati ukufuna kamera, chikhalirecho ukufuna phiri lija, dzuwa lija, ndi mpata wokhala tsiku lonse ukudikira kuwala. Zimenezo mu bokosi mulibe. Ukaigwira kamerayo n'kuloza khoma la sitolo, chithunzi chake chimatuluka cha khoma la sitolo.

Wamaukwati: Amayi, mwalasa. Ndinajambuladi shelefu ndi nsana wa munthu amene anali patsogolo panga, ndipo chithunzicho sichinasiyane ndi chomwe D750 ikanatulutsa.

Mdala wa Filimu: Ana anga, akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Pano sindikunena kuti makamera atsopano ali ndi nyerere, ndikunena kuti chakunja chokha sichiuza munthu zonse.

Ife tikuyamba, zinthu zinkayenda mosiyana ndi lero. Kamera unkayamba kuiona ndi maso, kwa mnzako kapena kuseri kwa kauntala, kenako n'kumafunsa za iyo. Lero mumayamba kuidziwa miyezi yambiri musanaikhudze, nthawi zina isanatuluke n'komwe, pongomva mphekesera. Pofika tsiku loigwira mwamanga kale kamera ina m'mutu mwanu, ndipo yeniyeniyo singapikisane nayo.

Malo ogwirira zinthuzi akuchepanso. Chionetsero cha Photokina ku Cologne chinayamba mu 1950, ndipo kwa zaka zambiri makampani ankakaonetsera kumeneko zatsopano, anthu n'kumaima pa mzere kuti azigwire. Chomaliza chinachitika mu 2018, ndipo mu 2020 okonza ake analengeza kuti achiimitsa. Chionetsero cha CP+ cha ku Yokohama, ku Japan, chikadalipo, koma ndi angati angapiteko? Malinga ndi CIPA, bungwe la makampani opanga makamera la ku Japan, makampani anatumiza pa msika makamera oposa 120 miliyoni mu 2010, koma mu 2023 sanafike 8 miliyoni. Mafoni anadya msika wa timakamera tating'ono. Msika ukachepa chonchi masitolo ambiri amatseka, otsalawo sasunga mtundu uliwonse. Ndiye anthu akugula zinthu zomwe sanazikhudzepo, ndipo ndikukhulupirira kuti n'chifukwa chake matenda osilira zipangizowa akula chonchi.

Mphunzitsi: Madala anena zoona. Ndiwonjezere zomwe akatswiri a ubongo anapeza. Kent Berridge wa ku University of Michigan wakhala akuonetsa kwa zaka zambiri kuti kufuna chinthu ndi kukondwera nacho sizichokera pa njira imodzi mu ubongo. Dopamine, mankhwala opangidwa mu ubongo, amayendetsa kwambiri kufunako, kusakasaka ndi kuyembekezera, osati kukoma kwa chinthucho ukachipeza. Munthu akhoza kufunitsitsa chinthu chomwe sichimusangalatsa kwenikweni akachigwira. Kuonera mavidiyo a makamera usiku kumadyetsa kufuna. Kugwira kamera kumafunsa funso lina: kodi ikundikomera? Nthawi zambiri yankho limakhala lakuti inde, koma pang'ono chabe kuposa yomwe ndili nayo.

Komabe tisathamange. Pali kafukufuku wa Joann Peck ndi Suzanne Shu wa mu 2009 amene anapeza kuti kungokhudza chinthu kumachititsa munthu kumva ngati ndi chake, ndipo chikakhala chokoma kuchigwira amachiwerengera mtengo wokwererapo. Ogulitsa amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amakupatsira kamera m'manja msanga. Ndiye mng'ono wathu amene wati moto umakolera sakulakwitsa.

Wophunzira: Zikomo aphunzitsi, ndimaona ngati ndili ndekha.

Mayi wa Studio: Ndiye zikutsutsana bwanji ziwirizi, bambo?

Mphunzitsi: Ndikuona kwanga, sizikutsutsana. Zimatengera chomwe wabwera nacho. Ukabwera wopanda chiyembekezo, kukhudza kumakukweza. Ukabwera utasenza miyezi ya maloto, kukhudza kumakutsitsa, chifukwa palibe chitsulo chingafike pomwe maloto anafika. Achimwene a maukwati anabwera atasenza, komanso anali ndi kamera yabwino kale yoyerekezera nayo. Mng'ono wathuyu akuyerekezera ndi kamera yoyambira, ndiye kusiyana komwe akumva ndi kwenikweni.

Wambalame: Ine ndikufuna nditsutse pang'ono, chifukwa ndikuopa kuti titha kumaliza ndi maganizo akuti makamera atsopano onse ndi mphepo chabe. Si choncho.

Sitolo nayonso imanama, kungoti imanamira mbali ina. Mphindi zochepa pa kauntala zimakuuza za kulemera, chogwirira ndi mabatani. Sizikuuza chomwe kamerayo inapangidwira. Ine ndimajambula mbalame. Canon R5 ndi R6 zitatuluka mu 2020 zinabwera ndi autofocus (njira yomwe kamera imadzilunjikitsira yokha kuti chinthu chioneke chakuthwa) yozindikira diso la nyama ndi mbalame, ndipo Sony A1 ya mu 2021 nayonso imatsata diso la mbalame. Kwa munthu amene wakhala zaka akulimbana kuti kabokosi ka focus kakhale pa mutu wa kambalame kouluka pakati pa nthambi, ichi si chinthu chaching'ono. Chimasintha ntchito yonse. Koma mu sitolo mulibe mbalame. Ukanaigwira kumeneko ukanati ndi kamera ngati ina iliyonse, n'kubwerera kunyumba utadzinamiza kuti palibe chatsopano.

Ine ndinabwereka ya mnzanga n'kupita nayo m'mbali mwa madzi m'mawa kwambiri. Kambalame kanatera pa bango, mphepo ikuligwedeza, ndipo kabokosi kanamatirira pa diso lake osachoka ngakhale masamba ankadutsa kutsogolo. Chilakolako changa sichinazizire tsiku limenelo. Chinapeza chifukwa.

Wamaukwati: Mfundo yamphamvu imeneyo achimwene. Ngakhale kwa ife, kutsata diso la mkwatibwi akuyenda mu holo ya mdima kungathandize.

Wambalame: Ndiye muiyese mu holo ya mdima, osati pa shelefu. Chomwe munayesa inu ndi mkono wanu, ndipo mkono unayankha zoona. Koma funso la autofocus simunalifunse.

Mdala wa Filimu: Mwana wanga wa mbalame, ndikuvomereza, koma taona kusiyana kwake. Iwe unali ndi vuto lomwe unkatha kulitchula dzina: diso la mbalame likukuthawa. Unapita kukaona ngati chida chatsopano chikuthetsa vutolo. Ambiri amene mtima umawazizira mu sitolo ndi amene sangatchule chithunzi ngakhale chimodzi chomwe kamera yawo yakale inawakanika. Amenewo kuzizirako kwawachitira chifundo.

Wamandala: Pepani ndilowerere ndi kanthu komwe sikatchulidwa kawirikawiri m'mavidiyo. Ife ovala mandala tili ndi nkhani yathu. Diso lathu limakhala patali pang'ono ndi viewfinder, kazenera koikapo diso pojambula, chifukwa cha galasi la mandala, ndiye pa makamera ena sitiona ngodya zonse zinayi nthawi imodzi. Umachita kusuntha mutu kuti uone manambala a pansi. Pali kamera ina yomwe ndinaikonda kwambiri pa zithunzi, yooneka ngati yachikale, ya timagudumu tachitsulo pamwamba. Nditaika diso ndinapeza kuti mbali ya kumanzere yabisika. Wojambula vidiyo amene ankaitamanda savala mandala, ndiye sakananiuza. Pa pepala la manambala amalembapo eyepoint, mtunda womwe diso lingatalikire n'kumaonabe chithunzi chonse, mu mamilimita, koma nambalayo sikuuza mmene zikhalire ndi mandala ako ndi mphuno yako.

Komanso ena amajambulira diso lamanzere. Ukatero mphuno imagunda sikirini, ndipo ngati ndi yokhudza imasuntha focus iwe osadziwa. Izi umazidziwa pa masekondi ochepa ukaigwira, pomwe pa intaneti ungawerenge mwezi wathunthu osazipeza.

Wokonza Makamera: Ine makamera ndimawaona atavula, ndiye mtima wanga unazizira kalekale, koma ndimawakondabe. Ndikagwira yatsopano pali malo omwe zala zanga zimapita zokha. Ndimatsegula kachitseko ka khadi n'kumva ngati kakugwedera. Ndimakanikiza timalabala totseka mabowo a zingwe kuona ngati tikubwerera m'malo mwake. Ndimazunguza gudumu lililonse ndi chala chimodzi diso lili pa viewfinder, chifukwa pa ntchito simuyang'ana mabatani. Ndimaonanso pomwe kachala kakang'ono kakugwera. Makamera ambiri a mirrorless, opanda kalilole mkati, ndi aafupi, ndiye munthu wa dzanja lalikulu kachala kameneka kamalendewera pansi, ndipo ukaikapo lenzi yolemera dzanja limatopa msanga. Ena amathera kugula chogwirira chowonjezera, kamera ija n'kubwerera pa kukula komwe ankathawa.

Chinthu chimodzi ndikupempheni. Musanaweruze kamera ya pa shelefu, konzani kaye kagudumu ka diopter pafupi ndi viewfinder, kamene kamagwirizanitsa viewfinder ndi mphamvu ya diso lanu. Anthu ambiri aizunguza, ndipo mukhoza kunena kuti chithunzi sichikuoneka bwino pomwe yangoikidwa pa diso la munthu wina. Ma setting nawonso amakhala atasokonezedwa. Ipempheni kuti aibwezere poyambira.

Chimene chimandimvetsa chisoni ndi makamera amene amabwera kwa ine kuti ndiwayeze asanagulitsidwenso. Ambiri shutter count yake, chiwerengero cha zithunzi zomwe yatola, imakhala yochepa kwambiri, labala wake akadali ndi fungo la bokosi. Mwini wake anaigula asanaione, kuzizira kuja kunamupezera kunyumba ndalama zitapita kale.

Wavidiyo: Pali zina zomwe sitolo kapena malonda sangakuonetseni onse awiri. Kutentha ndi chimodzi. Nkhani ya R5 inamveka dziko lonse mu 2020: pojambula vidiyo ya 8K inkatentha n'kuima, ndipo Canon inatulutsa firmware (pulogalamu ya mkati mwa kamera) kangapo yowonjezera nthawi yojambulira. Pa kauntala simungazione chifukwa simujambula nthawi yaitali.

China ndi katundu yemwe amabwera pambuyo pa kamera. Kamera ya ma megapixel 45 imatulutsa mafayilo a RAW (osunga zonse zomwe kamera yatola) aakulu, ndiye makhadi amadzaza msanga, hard drive imadzaza, kompyuta yakale imayamba kukoka miyendo. Zambiri zatsopano zimafuna khadi ya CFexpress kuti zigwire ntchito pa liwiro lake lonse, ndiye mufunikanso chowerengera khadi chatsopano. Batire nalo: D750 ya achimwene pa muyezo wa CIPA imatola zithunzi 1,230 pa batire limodzi, pomwe mirrorless zambiri zimatola mazana ochepa pa muyezo womwewo chifukwa sensa, kachipangizo kolandira kuwala, ndi viewfinder zimayaka nthawi yonse. Malenzi akale akufuna adaputa. Ine chimene chimandiziziritsa si kugwira kamera, koma kukhala pansi n'kulemba mndandanda wa zonse zoitsatira.

Wamaukwati: Za mafayilo ndizo zimandiopsa. Ukwati umodzi ndimabwera ndi zithunzi zambirimbiri zoti ndisankhe usiku womwewo.

Mayi wa Studio: Ndipo makasitomala anu amazionera pati? Chithunzi cha ma megapixel 24 ndi madontho 6000 m'litali ndi 4000 m'lifupi. Mukachisindikiza pa madontho 300 pa inchi chimafika pafupifupi masentimita 51 ndi 34, chili chakuthwa bwinobwino. Sikirini ya 4K imaonetsa ma megapixel 8 ndi pang'ono basi. Foni ndiye musanene. Ine ndimafuna ochuluka chifukwa nthawi zina kasitomala amadula kachidutswa ka nsalu kuti aonetse ulusi wake, ndipo achimwene a mbalame amawafuna chifukwa mbalame imakhala kutali. Koma album ya ukwati 24 imaikwanira.

Wophunzira: Ndifunse nawo za ine. Imene ikundisowetsa tulo ndi Fujifilm X100VI. Aliyense akuikamba, ndipo sindinaionepo ndi maso chifukwa imasowa. Ndingadziwe bwanji ngati ndi chilakolako chabe popanda kuigwira?

Mdala wa Filimu: Kusowa kwakeko ndi gawo la chilakolako chako, mwana wanga. Chinthu chosapezeka sichikhala ndi mpata wokukhumudwitsa.

Wokonza Makamera: Mphwanga, pali njira yoiyesera usanaione. Mtundu umenewu unatchuka kwambiri pa TikTok nthawi ya X100V ya mu 2020, ndipo X100VI itatuluka mu 2024 oifuna anachuluka kuposa zomwe kampani inkapanga. Ili ndi ma megapixel 40 ndi chochepetsa kugwedera mkati mwake, ndi yokongoladi. Koma chachikulu pa iyo ndi chakuti lenzi yake sichoka ndipo sikoka pafupi. Ndi 23mm f/2 basi, yomwe pa sensa yake yocheperapo ya APS-C imaona ngati lenzi ya 35mm pa kamera ya sensa yaikulu ya full frame.

Kamera yako ya 18-55 nayonso ndi APS-C. Zunguza lenziyo ifike pa 23, umatepo tepi kuti isasunthe, ndipo ujambule choncho kwa masabata angapo. Chilichonse: anthu, misewu, ana akusewera, za m'nyumba. Ukafuna chinthu pafupi, yenda. Ukaona kuti tepiyo ukufuna kuimatula tsiku lililonse, wadziwa yankho osataya kalikonse. Ukaona kuti zithunzi zako zayamba kukoma ndipo chikukuvuta ndi kukula kwa kamera kokha ndi mdima, ndiye kuti kufuna kwako kuli ndi mizu.

Wambalame: Malangizo abwino kwambiri amenewo. Ndiwonjezere kuti kubwereka kapena kuchita lendi kwa masiku ochepa kumaposa sitolo kutali, kumene zingatheke. Tsiku loyamba umasangalala ndi chilichonse. Pofika lachitatu umayamba kuona ngati dzanja likuitenga lokha potuluka m'nyumba kapena likubwerera ku yakale.

Mphunzitsi: Ndipo m'magulu ngati lino tingathandizane. Tikakumana kojambula, tisinthane makamera kwa ola limodzi. Wina amene akulota full frame anyamule ya mnzake ndi lenzi ya f/2.8 yolemera pafupifupi kilogalamu ndi theka. Wina amene akunyoza sensa yaing'ono agwire ya Micro Four Thirds aone kupepuka kwake. Sizitengera wogulitsa kuima pambali pako, ndipo mwini wake amakuuza zomwe zimamutopetsa pa kamerayo, zomwe wotsatsa malonda sanganene.

Wamandala: Ine ndavomera zosinthanazo. Ndibwera ndi yanga, ovala mandala anzanga adzayese.

Wophunzira: Tepi ndamata kale. Funso lomaliza kwa akonzi: ndikadzaipeza mu sitolo, amalola kuikamo khadi yanga kuti ndikaone zithunzi kunyumba?

Wokonza Makamera: Ambiri amalola ukapempha mwaulemu, koma funsa kaye. Tenga khadi ya SD yopanda kanthu, osati yomwe muli zithunzi zako, chifukwa kamera yachilendo nthawi zina imafuna kuifufuta isanayambe kulemba. Uike pa RAW ndi JPEG pamodzi, popeza pulogalamu yakale ya pa kompyuta ikhoza kukana kutsegula RAW ya kamera yatsopano. Utengenso kamera yako, ujambule chinthu chimodzimodzi ndi onse awiri uli pa malo amodzi: nkhope ya munthu pafupi ndi khomo pomwe pali kuwala kwa dzuwa, kenako pa ngodya ya mdima ISO, yomwe imawalitsa chithunzi mu mdima, itakwera. Ukafika kunyumba uziike pambali pa zinzake pa sikirini yaikulu, ndipo upemphe wina akusakanizire kuti usadziwe kuti chiti n'chiti.